Galimoto ya Abambo Itatalika

Abambo athu, a Hoyt Tackett, anamwalira mu Ogasiti 1987. Ine pamaliro panalibe. Ndinali ku Bamberg, ku Jeremani, kumene amuna anga ankagwira ntchito ya usilikali, ndipo ndege yoyamba imene ndikanapeza ikanandifikitsa anthu atakwirira kale.

Anawaika ku manda a Ledbetter, paphiri, tsidya lina la mtsinje wa Sorrel. Mu Disembala madzi anakokolola mlatho wopita kumeneko. Kwathu, Lamulungu lachitatu la mwezi wa Meyi ndi tsiku lolambula manda. Mabanja amakasesa, kuika maluwa, kuimba, n'kudyera komweko pansi pa mitengo. Chaka chotsatiracho chinali choyamba abambo kukhala m'gulu la oyenderedwa, ndipo amayi analumbira kuti akafikako.

Foni inali yodula, ndiye tinkalemberana. Kalata inkayenda masiku khumi, mwina khumi ndi awiri, kotero nzeru zanga zonse zinkafika kwathu zitasasa. Olemberanafe tinali atatu: amayi, a Ozella, mlongo wanga wamng'ono, Arlis, ndi ine, Twyla. Makalatawa ndangowasanja motsata masiku. Sindinakonze kanthu, ngakhale pamene wolakwa ndinali ine.

Sorrel Creek, Arkansas
21 Febuluwale 1988

Wokondedwa mwana wanga Twyla,

Ndikhulupirira uli bwino pamodzi ndi amuna ako ndi kamlendo kali m'mimbako. Kayamba kukankha? Undiuze, ndipo usandilembere mizere itatu ngati kalata ya kubanki. Kuno tilipo, kungoti chiuno changachi chimandiuza za mvula wailesi isanadziwe.

Mlatho sunamangidwebe. Anabwera amuna atatu a boma, anaima m'mbali mwa mtsinje manja ali m'matumba, mmodzi analavulira m'madzi, n'kubwerera. Akuti mwina chaka chamawa. Ndinawauza kuti chaka chamawa mwina wowoloketsedwa ndidzakhala ine, ndiye aganize bwino. Chiyambire Disembala sindinapondeko kwa bambo ako. Ndimangoima pakhonde n'kumayang'ana phiri ngati mkazi amene mwamuna wake wachedwa kumowa. Koma ndikuuze, pa 15 Meyi ndidzakhala pamanda paja ndi maluwa anga, kaya chiuno chifune kaya chisafune.

Mlongo wako akuti ali ndi nzeru. Ukudziwa mmene mtima wanga umachitira akayamba choncho. Lachinayi kunabwera lole kudzatsitsa matayala anayi. Twyla, zotere sindinazionepo. Lililonse likundifika m'chiuno, ndipo lili ndi mano ngati la thirakitala. Galu anawauwa mpaka mawu anasasa. Ndinamufunsa kuti wawapeza bwanji, akuti wasinthanitsa ndi bwato lake lija la nsomba.

Ndinati, "Iwe, ukufuna kuwoloka mtsinje, ndiye wapereka bwato?"

Akuti, "Amayi, bwato silikwera phiri."

Ananena zoona, ndipo zinandinyansa.

Panopa wadzitsekera m'galaja ya bambo ako ndi a Dub Ramey, anzawo a bambo ako aja, amene pa msinkhu wawo anayenera kukhala atapeza nzeru. Akuti akukweza galimoto kuti madzi azidutsa pansi. Ine ndimangomva kugogoda ndi kutukwana. Ndikawapititsira khofi kutukwana kumaleka, kugogoda kokha n'kumapitirira.

Amati mwana akalirira nyanga ya nsatsi umsemere, imufotere m'manja. Chovuta n'chakuti yofotayo ikhala galimoto ya bambo ako.

Ndine mayi ako,
Ozella

Bamberg
3 Malichi 1988

Iwe Arlis,

Moni ndikupatsa chifukwa amayi anatilera bwino. Uli bwanji? Makamaka mutuwo uli bwanji?

Kalata ya amayi yafika lero ndipo ndaiwerenga chiimirire. Za mtsinjezo ukanamize ena. Matayala amenewo wakhala ukuwalota kuyambira uli ndi zaka khumi ndi zinayi, muja unamata chithunzi chawo pamwamba pa bedi, pomwe anzako ankamatapo atsikana. Unawapempha abambo kangati? Ndipo ankakuyankha chiyani? "Galimoto si tambala kuti izinyang'wa pabwalo." Miyezi isanu ndi iwiri sinakwane ali m'manda, iwe wayamba kale kuiveka nsapato za kudansi, n'kumabisala kuseri kwa chiuno cha amayi.

Tamvera. Galimoto imeneyo si yako wekha. Ngati wakweza, wakweza, mabawuti amamasulidwa. Koma usadule kanthu. Ndikudziwa zimene anzako a matayala otere amachita tayala likayamba kukhula chitsulo, amathamangira macheka. Ukangoikhudza ndi macheka galimoto ya abambo, ndikwera ndege ndi mimba yangayi, ndidzaberekera pakhomo pako, ndipo mwanayo ndidzamuphunzitsa dzina lina lokuitanira, osati malume.

Undilembere zoona zokhazokha. Amayi akudya? Akugonabe mbali yawo yokha ya bedi? Mtengo wathu wa kuseri uja wayamba maluwa? Kuno kukuzizira, ndipo anthu ake amatsuka ngakhale msewu.

Ndine mlongo wako wamkulu, amene anakusinthapo matewera,
Twyla

Sorrel Creek
5 Malichi 1988

Achemwali,

Muli bwanji kumeneko? Alamu ali bwanji? Mimba ikukula? Ine ndili bwino, chala chimodzi chokha n'chomwe chada bii, jeke inanditsina.

Ndikudziwa kuti amayi akulemberani kale zawo, ndiye imvani zanga. Ndinalowa mumtsinje ndi ndodo kukayeza pamene panali mlatho. Pakati madzi akundifika m'ntchafu, pansi pali miyala yoterera ngati sopo. Galimoto ya abambo mmene inalili ikanamwa madzi n'kufera pakati, amayi ali momwemo ndi mbale ya mazira pamiyendo. Mufunsa za thirakitala ya a Dub. Imawoloka, inde, koma mpando ndi umodzi, ndipo amayi anati sangakwere m'ngolo ngati nkhumba yopita kumsika. Njira ina kulibe, inunso mukudziwa.

Ndiye taika masipuling'i atsopano, galimoto yakwera mainchesi asanu ndi limodzi. Matayala ake ndi a mainchesi 35. Achemwali, mukanaiona! Ukaima pafupi umavula chipewa wekha. A Dub anangoti, "Hoyt akanakupha," koma akunena choncho akusisita tayala ngati mwana wa ng'ombe.

Panali kavuto kamodzi. Ukakhotetsa chiwongolero, tayala la kutsogolo limakhula madigadi, kulira kwake ngati munthu akupala mphika. A Dub anati tizingoyenda molunjika. Ndinawakumbutsa kuti msewu wa ku Ledbetter uli ndi makona khumi ndi anayi. Ndiye dzulo ndinameta madigadi pang'ono, mbali zonse ziwiri. Pang'ono zedi, ngati kuwenga zikhadabo. Ndinajambula kaye ndi choko, ndinadula mwaulemu, ndinapakapo penti. Simungazindikire, pokhapokha mutayang'ana.

Pamsewu sindinaiyesebe. Nyengo sinakhale bwino.

Ngati kumeneko kukadali chokoleti chija munatumiza pa Khirisimasi, tumizaninso. Amayi anachikonda kwambiri. Ine ndinangowathandiza.

Mlongo wanu,
Arlis

Sorrel Creek
19 Malichi 1988

Mwana wanga Twyla,

Moni wa kuno. Ukudya mokwanira? Usamamvere madokotala a asilikali pa nkhani ya mimba, sanaberekepo.

Kalata yako ija ya kwa Arlis inafika Lolemba. Anaiwerengera pakhonde, kenako anapita kukatola tizidutswa tiwiri ta madigadi timene anataya mumgolo wa zinyalala. Anatipukuta n'kutikulunga m'nyuzipepala. Akuti akusungira iwe. Madzi akatayika saoleka, koma mwana wanga akuyesa.

Wakulembera kuti nyengo sinali bwino, eti? Dzuwa likuwala sabata yachiwiri tsopano. Zoona zake n'zakuti galimoto siikutuluka. Anaikwezera mkati mwa galaja, amuna awiri a ndevu zawo, tepi yoyezera ili m'thumba, ndipo palibe anatukula maso kuyang'ana khomo. Yatalika kuposa khomo ndi mainchesi asanu. Ndadziwa kale adamanga nyumba yopanda khomo. Awa khomo analipeza lilipo, n'kulichepetsa okha.

Ndinalipo tsiku limene anazindikira. Arlis analiza injini, anayamba kubwerera m'mbuyo pang'onopang'ono akumwetulira ngati mkwati, a Dub akumukodola ndi dzanja. Kenako gu! Denga la galimoto pamtanda wopingasa pamwamba pa khomo. Fumbi la zaka makumi atatu linawakhuthukira a Dub m'khosi.

"A Dub, simunaone?"

"Ine ndimayang'ana matayala, mwana iwe. Masabata awiri onsewa wakhala ukundiuza kuti ndiziyang'ana matayala."

Atasansa malaya anati, "Tiwaphwetse."

"Matayala atsopano sayenda ali phwa, amasweka m'mbali," anatero mlongo wako, atawaimirira kutsogolo ngati nkhuku ya anapiye.

Ndinati, "Ndiye akhale atsopano mpaka Yesu adzabwere."

Lamulungu tikuweruka ku tchalitchi anaitana amuna a kwaya, asanu ndi atatu, kuti akwere kumbuyo ailemeretse. Anakwera ndi mataye awo. Kumbuyo kunatsikadi, koma kutsogolo n'kudzuka. Anakhala momwemo, maondo ali pamodzi, mpaka a Virgil Sisk oimba besi aja anafunsa ngati kuimba kungathandize.

Zitakanika izi, Arlis anayamba kuuyang'ana mtanda uja ndi diso lake la macheka. Ndinakaima pansi pake ndi ndodo yanga. Ndinati, "Mtanda uwu bambo ako anaukweza okha, ine nditagwira makwerero ndili ndi mimba ya Twyla. Uyambe wadula ine."

Ndiye tsopano akukumba pansi, ngalande ziwiri zoti matayala adutsemo. Nthaka ya kuno ukuidziwa, ukapala kamodzi wapeza thanthwe. Akusema ndi nyundo ndi tchizulo ngati akaidi, Arlis akangoweruka ku ntchito.

Patsala masabata asanu ndi atatu. Maluwa a mapepala ndayamba kale kupinda, ofiira ndi achikasu, monga ankawakondera. Zala zikuwawa koma zikumvera.

Mayi ako,
Ozella

Bamberg
30 Malichi 1988

Arlis mlongo wanga,

Makalata awiri afika tsiku limodzi, yako, imene inachedwa panjira, ndi ya amayi. Ndinayamba yako, ndinalira. Ndinawerenga ya amayi, ndinaseka mpaka mayi wa nyumba yapansi anagogoda denga lake ndi tsache. Muli bwanji akaidi inu?

Ndifunseko funso la munthu wosadziwa za magalimoto. Matayala akale aja ali kuti? Bwanji osawabwezera, kuphwetsa iwowo poti ndi akutha kale, kukankhira galimoto panja, n'kumangira atsopanowo pabwalo? Ntchito ya ola limodzi. Kapena pali lamulo la amuna loletsa?

Za madigadi sindikukalipiranso. Ndingokuuza chimene chinandiliza, mwina umva. Pa madigadi a kumanja, cha m'munsi, panali popindika ngati pomenyedwa chibakera. Ndinapapinda ndine, ndili ndi zaka khumi ndi zisanu, tsiku limene abambo ankandiphunzitsa kuyendetsa ndipo ndinakagunda mzati wa geti. Ndinagwira chiwongolero, kudikira kukalipiridwa. Iwo anatsika, anayang'ana galimoto, anayang'ana geti, n'kuti, "Mzatiwu ndi umene wasuntha." Zaka zonsezi sanapawongole, chikhalirecho anali munthu wowongola ngakhale msomali wakale.

Inu munawaona m'bokosi, munaponya dothi. Ine sindinaone kanthu. M'mutu mwangamu akadali m'galimoto imeneyo, chigongono chili pawindo, akununkha fodya ndi mafuta a injini. Ndinkati ndikadzabwera ndidzatsegula chitseko n'kuwapezamo pang'ono. N'chifukwa chake ndinakulembera ngati chimbalangondo.

Ndiye ngati kachidutswa wandisungirako n'ka popindika paja, ukasunge bwino. Ngati si komweko, usandiuze.

Uwapatse moni a Dub. Uwauze asamanyamule miyala ndi msana.

Twyla

Sorrel Creek
14 Epulo 1988

Achemwali,

Tili bwino. Misana yokha ndi imene sili bwino.

Galimoto inatuluka Loweruka. Kalata yanu inafika Lolemba. Ndinawawerengera a Dub ndime ya matayala akale ija. Matayalawo anali pakona pa galaja masabata atatu onsewa, ndipo ndi pomwe tinkakhala popuma. A Dub anavula chipewa, anayang'ana mkati mwake, anachivalanso, n'kupita kwawo osatsanzika. Mpaka lero sanabwere. Akazi awo akuti akungokhala pakhonde, sakuyankha ngakhale galu.

Za kachidutswa munati ndisakuuzeni, ndiye sindikuuzani. Koma kali m'kabati yanga, ndipo n'kopindika.

Tsono imvani izi. Ndawoloka! Madzi anafika pa bampala n'kuthera pomwepo. Ndinakwera mpaka ku Ledbetter, makona onse khumi ndi anayi, popanda kokhula. Manda a abambo ndinawapeza atatitimira pakati, masamba ali tho. Amayi musawauze. Ndapitako katatu ndi wilibala, ndathira dothi, ndasalaza. Zoti matayalawa ndinkawafuna kuyambira kale, sindikana, munanena zoona. Koma zoti ndikufuna amayi akafike, n'zoonanso. Zonse ziwiri zimakwana mwa munthu mmodzi.

Vuto latsopano ndi amayi enieniwo. Ndinaimika galimoto pabwalo, ndinatsegula chitseko, ndinati tiyeni tikayese. Anafika pafupi. Poponda pali m'chiuno mwawo, mpando uli paphewa. Anayang'ana m'mwamba ngati akuwerenga chikwangwani.

"Ndikwere ndi chiyani, mapiko?"

Ndinabweretsa makwerero a kukhitchini. Anati chiuno chawo sichikwera makwerero, ndipo ngakhale chikanakwera, iwo sangaonetse pitikoti ku mpingo wonse. Ndinati, "Ndiye ndikunyamulani, simulemera ngati thumba la chakudya cha ng'ombe." Apa ndiye ndinalakwitsa.

"Mwamuna amene anandinyamulapo ndi mmodzi, mu 1951, ndipo anandigunditsa mutu pachitseko. Odzandinyamulanso adzakhala asanu ndi mmodzi, ine ndili m'bokosi."

Ndayesa bokosi la matabwa, akuti likugwedera. Ndayesa mtolo wa udzu, akuti si mbuzi iwo. Ndayesa thabwa lotsetsereka, anangondiyang'ana. Dzulo anati basi, mwina Mulungu sanafune, maluwa adzandipatsa ine ndikaike. Ananena izi akutsuka mbale imene anali ataitsuka kale.

Achemwali, akapanda kufikako ndiye kuti ndadula galimoto ya abambo pachabe, ndipo iwo adzakhala pakhonde tsiku lonse akumva nyimbo zikuchokera kuphiri. Alembereni. Inu amakuopani pang'ono.

Arlis

Bamberg
25 Epulo 1988

Amayi anga okondedwa,

Muli bwanji? Ine ndili bwino, ndikuyenda ngati bakha. Akuti ndi koyambirira kwa Juni.

Arlis akuti mwagonja. Sindikukhulupirira. Inu amene munathamangitsa ng'ombe yamphongo ya a Sisk m'munda mwathu ndi ambulera? Mugonjere chitseko?

Ndikanati muvale thalauza la abambo, koma ndikudziwa kale yankho lanu, ndipo sindikufuna kuliwerenga ndili ndi pakati. Ndiye nzeru sindikupatsani, zanga zimafika mochedwa. Ndingonena ichi. Ine sindingapiteko. Mukapanda kupita inu, ndiye kuti pa anthu awiri amene tinkawakalipira abambo tsiku ndi tsiku palibe adzafike. Adzadabwa, Amayi. Adzayesa talakwiridwa.

Mundiyankhe msanga.

Mwana wanu,
Twyla

Sorrel Creek
16 Meyi 1988

Twyla mwana wanga,

Moni. Ndikhulupirira mapazi sakutupa kwambiri. Khala pansi, kalatayi ndi yaitali. Sindinakuyankhe msanga chifukwa ndinakwiya nawe, popeza unanena zoona.

Njira yokwerera ndinaipeza ndekha. Lachisanu ndikusesa ndinaona kuti khonde lathu n'lotalika mofanana ndi poponda pa galimoto. Ndinamuitana Arlis, ndinati, "Chotsa matabwa atatu a kampanda ka khondeka, uimike chilombo chakocho apa." Anati, "Nanga maluwa anu a m'munsiwa?" Ndinati ponda. Ndiye dzulo m'mawa ndinalowa m'galimoto monga munthu alowera kuchipinda, chipewa chili kumutu, chikwama chili pamkono.

Kumbuyo kunakwera anthu khumi ndi mmodzi, miphika ya nyemba, nkhuku zokazinga ndi zigumu. A Dub, amene ayambanso kulankhula, ankatitsatira ndi ena pa thirakitala. Mvula inali itagwa Lachitatu, mtsinje unali wokwiya kuposa masiku onse. Titalowa, madzi ankamenya pansi pa mapazi anga ngati munthu wofuna kutsegulidwira. Pakati penipeni galimoto inaterera, kumbuyo kunayamba kulowera kumunsi, akazi anakuwa, mphika umodzi unapita. Ndinamuyang'ana Arlis. Nkhope inali ya bambo ako ndendende, kalilime kali pakona pa kamwa. Matayala aja anafukula miyala, anagwira, tinatulukira tsidya. Ndinangomukonza kolala.

Titafika pageti la manda anazimitsa injini, anthu analumphira pansi, iye anazungulira kudzanditsegulira. Tinayang'anana. Twyla, kumanda kulibe khonde. Mwezi wathunthu banja lonse likuganiza zokwera, zotsika palibe anaziganizira.

Ndinakhala pamwamba paja ngati nkhuku yothawira padenga. Anthu akusesa, akundiyang'ana chakuba. Abusa anabwera atatambasula manja. "Mayi Tackett, dzigwetsereni mwa Ambuye, ine ndikuwakhani."

Ndinati, "Abusa, mwa Ambuye ndidzagwa ndithu. Koma inu munamutaya m'madzi mwana wa a Sisk pomubatiza, anachita kumuvuula ena."

Anapita kukathandiza kuyala matebulo.

Manda a bambo ako ndinkawaona, mizere inayi kuchokera pomwe ndinali. Maluwa anga ali pamiyendo. Ndinadzifunsa kuti kodi ndawoloka mtsinje wonse uja kudzaonera pawindo? Ndinatsala pang'ono kumuuza Arlis kuti andinyamule basi, manyazi sapha. Ndiye maso anga anagwera pa chiliza cha pambali pawo, cha agogo ako a Leota, apongozi anga. Unali wamng'ono pamene ankachisankha okha akadali moyo. Anafuna chachikulu kuposa zonse ku Ledbetter, cha magawo atatu osanjikizana ngati keke ya ukwati, pamwamba pafulati, ati kuti anthu azichionera kumsewu. Ndipo anachiikitsa m'mphepete mwenimweni mwa kanjira kodutsa galimoto za maliro, kuti aliyense wolowa aziyamba wawaona iwo.

Ndinati, "Arlis, liza. Ukaime pa agogo ako."

"Amayi!"

"Ndati liza."

Anaimika mwaluso, tayala silinakhudze ngakhale duwa la munthu. Ndinavula nsapato, popeza ndinaleredwa. Ndinamugwira Arlis dzanja, ndinaika phazi pamwamba pa chiliza, kenako pa gawo lachiwiri, kenako lachitatu, n'kufika paudzu. Matsache anaima. Azakhali ako a Fern anagwira pakamwa ndi manja onse awiri.

Ndinati, "Alamu, musadabwe. Zaka makumi awiri ndi zisanu ndinali mpongozi wa mayi anu, sanandithandizepo ngakhale kutsuka supuni. Aka n'koyamba."

A Dub anaseka mpaka anakhala pansi pamanda a munthu wosamudziwa.

Pa bambo ako ndinapeza posalala bwino, dothi lake latsopano. Mlongo wako akuganiza kuti sindinazindikire, ndipo usamuuze. Ndinagwada, chiuno chinalola. Ndinazika maluwa anga onse makumi anayi, limodzilimodzi. Miyezi isanu ndakhala ndikukonza zoti ndidzawauze, za mlatho, za mimba yako, za zimene mwana wawo wachita ndi galimoto. Nditafika zonse zinabalalika. Ndinangoika dzanja padothi. Linali lofunda ndi dzuwa. Ndinati, "Bambo a Twyla, ndabwera."

Ndinakhala pomwepo mpaka nyimbo zonse zinatha. Chakudya anachita kundibweretsera.

Pobwerera ndinakweranso pa agogo ako. Ulendo uno ndinati zikomo.

Ndine mayi ako,
Ozella